Custer State Park ndi agogo: tsiku limodzi likwana?

Make Tadala: Odi kuno abale. Funso langa likupita kwa amene munafikako ku South Dakota. Apongozi anga ali kuno ku Minneapolis kuyambira Meyi, anabwera kudzaona khanda, ndipo abwerera ku Dedza kumapeto kwa Seputembala. Miyezi yonseyi chimene aona ndi khitchini, tchalitchi ndi sitolo basi. Ndiye abambo a Tadala akuti tiwatengere ku Mount Rushmore, phiri limene anasemapo nkhope za apurezidenti anayi a America, sabata yoyamba ya Ogasiti, kuchoka apo tidzere ku Custer State Park akaone nyama. Iwo akuti tinyamuke Lachisanu usiku, Loweruka tione zonse, Lamulungu tibwerere. Zitheka zimenezi?

aChisale a ku Omaha: Mlamu, auzeni achimwenewo kuti akufuna kupha gogo ndi msana. Ine msewu wa I-90 ndimaudya ndi thiraki mwezi ndi mwezi. Kuchoka kwanuko kukafika ku Rapid City ndi maola 9, ndipo amenewo ndi a munthu wopanda khanda. Inu muziima kuyamwitsa, kusintha matewera, agogo awongole miyendo. Ikani 11. Mukawoloka mtsinje wa Missouri n'kuyendako ndithu wotchi imabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi, ndiye popita mumaona ngati mwapindula, pobwerera ola lija mumalibweza.

aChisale a ku Omaha: Koma chachikulu si chimenecho. Sabata yoyamba ya Ogasiti AYI. Ndi nthawi ya msonkhano wa njinga zamoto ku Sturgis. Zimabwera mazanamazana, anthu ake amafika m'mahandiredi sauzande, ndipo onsewo masana amatsikira m'misewu yomweyo mukufunayo. Malo ogona mitengo imakwera ngati chimanga cha mu Febuluwale.

Nangozo: Zoona zimenezo asisi. Ife ulendo woyamba tinapita osadziwa, tinakakumana nazo. Phokoso lake mwana sagona. Sunthani, mupite kumapeto kwa Ogasiti ana asanatsegulire.

Make Tadala: Mayo ine, safunsa anadyadi phula. Ndinatsala pang'ono kulipira malo ogona usiku wathawu.

Nangozo: Ndikuuzeni mmene malowa alili kuti muone chifukwa chake tsiku limodzi silikwana. Pakiyi ili m'mapiri a Black Hills, kukula kwake maekala 71,000. Misewu imene anthu amapitira ndi itatu. Wa nyama umatchedwa Wildlife Loop Road, mamailosi 18, umazungulira kumunsi kumene kuli madambo ndi timapiri ta udzu. Wachiwiri ndi Needles Highway, mamailosi 14, umakwera kumiyala yosongoka ngati mano a chipeso mpaka ku kanyanja ka Sylvan Lake. Wachitatu ndi Iron Mountain Road, mamailosi 17, ndi umene umakutulutsani kupita ku Mount Rushmore. Mukaphatikiza papepala mumati aa, mamailosi 49, ola limodzi tamaliza. Bodza. Uliwonse mwa imeneyi umadya ola kapena kuposa, musanaime n'komwe kujambula.

Yami: Anti Nangozo anena zoona. Iron Mountain Road yokha ili ndi makona 314, analemba pa chikwangwani. Ndinayamba kuwerenga ndinasiyira pa 40 chifukwa cha nseru 😂

aChisale a ku Omaha: Ana a masiku ano. Unakwerapo Khwekhwerere iwe, kuchoka pa Golomoti, uli kumbuyo kwa lole ya makala?

Yami: Malume ine ndinakulira ku Chilomoni, phiri langa ndi Michiru.

aGondwe: Khwekhwerere ndi masewera. Kwerani Gorodi kupita ku Livingstonia, makona 20 aja, nthawi ya mvula, mudzandiuze. Koma nkhani ya nseru musaitenge mwachibwana Make Tadala. Agogo akhale kutsogolo, zenera lotsegula pang'ono, ndipo asadye zamafuta m'mawa umenewo.

Nangozo: Misewuyi anaikhotetsa dala. Amene anailambula ndi Peter Norbeck, anali bwanamkubwa wa South Dakota kenako senita. Anayenda yekha m'mapirimo wapansi ndi pa hatchi kusankha modutsa msewu, cholinga chake munthu aziyenda pang'onopang'ono aziona dziko. Needles inatha mu 1922, Iron Mountain mu 1933. Pa Iron Mountain pali milatho itatu ya matabwa imene msewu umazungulira n'kudzadutsa pamwamba pa iwo wokha ngati mchira wa nkhumba, ndi mapanga atatu obooleza thanthwe. Mapangawo anawalozetsa dala ku Mount Rushmore, moti uli mkati mumdima umaona nkhope zinayi zija kutsogolo ngati chithunzi cha mu felemu. Kuti muzione bwino chokerani kupaki kulowera ku Rushmore. Mukayenda mobwerera zambiri zimakhala kumbuyo kwanu, muzichita kutembenuka khosi.

Make Tadala: Ndalemba. Nanga galimoto yathu ndi ija yaikulu ya mipando 7, ikwana m'mapangamo?

aChisale a ku Omaha: Ku Iron Mountain ikwana bwinobwino. Pamene pamafunika mtima ndi pa Needles Eye Tunnel. M'lifupi mwake ndi mapazi 8 okha, imadutsa galimoto imodzi imodzi. Yanuyo ilowa, pindani magalasi a m'mbali, imani kaye muone ngati kutsogolo kukubwera ina, ndiye lowani osathamanga osanjenjemera. Ngolo yokoka kumbuyo musayerekeze. China, potsetsereka musamangoponda mabuleki mpaka anunkhe. Ikani giya yaing'ono, injini igwire yokha. Ngakhale otomatiki ili nayo, achimwenewo ayang'ane pali L kapena manambala.

Bambo a Tadala: Ndikuwerenga zonse aChisale, musandinyoze pagulu 😅 Ndayendetsa ku Chiweta zaka zisanu.

aChisale a ku Omaha: Ndiye mwabwera! Timayesa mwabisala kuseri kwa mayi.

Bambo a Tadala: Vuto langa ndi tchuthi. Kuntchito andipatsa masiku awiri okha. Nyamazo sitingazione masana a Loweruka tikuchokera ku Rushmore? Njati 1,300 zingabisale kuti?

Nangozo: Alamu, zimabisala. Ndi zimene ndimafuna kunena kuyambira poyamba. Ulendo wathu woyamba tinalowa Wildlife Loop cha m'ma 1 koloko masana, dzuwa lili pamutu. Tinazungulira msewu wonse, tinaona abulu, tinyama ta m'mauna totchedwa prairie dog, ndi njati imodzi yokalamba itagona kutali ngati chulu. Amuna anga anati atibera ndalama. Ulendo wachiwiri tinagona ku tawuni ya Custer, tinadzuka 5 koloko, 6 isanakwane tili kale mumsewu. Gulu lonse linali pamsewu penipeni. Kukatentha zimalowa m'zigwa ndi m'mithunzi, zimatuluka m'mamawa ndi chakumadzulo. Komanso sizikhala malo amodzi, lero zili uku mawa zili uko. Mukafika pitani ku nyumba yolandirira alendo mufunse kuti gulu laoneka kuti lero, amakulozerani pa mapu. Palinso timisewu tafumbi tochoka mu msewu waukuluwo, nthawi zina amakutumizani kumeneko.

Anabanda: Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo a Tadala. Pemphani tsiku lachitatu. Mayi anu anawoloka nyanja zingati kuti adzaone mdzukulu, inu mukuwerengera tsiku limodzi?

Bambo a Tadala: Mwandigwira pakhosi mayi. Ndikayesa Lolemba.

Make Tadala: Koma abale njati zimenezi n'zoopsa ngati zathu? Apongozi akangomva mawu oti njati akukumbuka nkhani za ku Kasungu, akuti iwo satsika galimoto.

aGondwe: Asatsikedi, ali ndi nzeru. Si mtundu umodzi ndi njati yathu. Yathu nyanga zake n'zazikulu zokumana pachipumi, thupi losalala. Ya kuno ili ndi linunda ngati ng'ombe ya kwathu, mutu waukulu waubweya, ndevu, tinyanga tating'ono. Imaoneka yaulesi, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amapusira. Yamphongo imafika makilogalamu 900 ndipo imathamanga makilomita 55 pa ola. Palibe wa pagulu pano angaipitirire, ngakhale Yami.

Yami: Ine ndingoyenera kupitirira malume Chisale basi.

aChisale a ku Omaha: Mwana wopanda mwambo.

Nangozo: A paki amati mutalikirane nazo mayadi 100, ndiye kuti bwalo la mpira lathunthu. Zikakupezani pamsewu khalani m'galimoto, osaliza hutala, osazikankha ndi bampala, dikirani zidutse. Ndipo Julayi ndi Ogasiti ndi nthawi imene zamphongo zimalimbirana zazikazi, zimabangula, kugudubuzika m'fumbi, kugundana mitu. Mukaona yaimika mchira, si moni ameneyo. Chaka ndi chaka kumamveka wina wavulazidwa chifukwa chofuna chithunzi chapafupi, makamaka akayandikira kamwana. Ana ake amabadwa cha mu Epulo ndi Meyi, ofiirira ngati dothi la katondo, pofika Ogasiti amakhala ayamba kuda.

Yami: Tadala akakondwera ndi abulu. Amaimitsa magalimoto n'kulowetsa mitu pazenera kupempha chakudya. Makolo awo ankanyamula alendo kukwera nawo phiri lalitali la kumeneko, ntchito itatha anangowamasula, mpaka lero zidzukulu zikungoyendayenda.

Nangozo: Anthu amawapatsa makaroti ndi maapozi, koma samalani zala za mwana, ndipo asaime kumbuyo kwawo. Bulu ndi bulu.

aGondwe: Ine chimene chinandigwira mtima kumeneko si njati. Titafika kumunsi kwa Wildlife Loop, m'mawa, timapiri ta udzu tikungogudubuzika mpaka kumene maso alekezera, mphepo yozizira, mitengo ya paini cha uko, ndinaimitsa galimoto ndinakhala chete. Akazi anga akuti mwatani. Ndinati ndafika ku Nyika. Ndi chimodzimodzi ukamachoka pa geti ya Thazima kuyandikira Chelinda. Kusiyana kwake, kwathu pamene apa pali pronghorn pamakhala chilembwe, ntchefu ndi mbidzi. Ndipo musaone ngati kwathu n'kochepa. Nyika ndi masikweya kilomita 3,200, Custer ingalowemo kakhumi n'kutsalako malo. Phiri lawo lalitali, Black Elk Peak, ndi mamita 2,200, pamene Nganda yathu ndi 2,600. Chimene anatiposa ndi phula basi. Kuno gogo wa zaka 70 amaona nyama atakhala pa mpando wofewa, kwathu kuchoka pa Rumphi kudzera ku Bolero umafika fumbi lili m'mano.

Anabanda: AGondwe mwayamba kulira kwanu.

aGondwe: Ndilekeni mayi, zaka 9 osapondako.

Make Tadala: Pronghorn ndiye chiyani?

aGondwe: Ingoganizani nswala, koma yoyera kumimba ndi kumbuyo, nyanga zake zili ndi kamphanda. Ku America kuno palibe nyama ya pamtunda yoiposa liwiro. Muziona zambiri, sizibisala. Zovuta kuona ndi elk, zokhala ngati agwape akuluakulu, zimatuluka kukamacha kapena kukamada. Nkhosa zamtchire za nyanga zopotana mwina mungakumane nazo m'mbali mwa msewu, ndipo mbuzi zoyera za m'mapiri zimakonda cha ku Needles konkuja, nthawi zina zimanyambita khoma la phanga lenilenilo.

Yami: Ndinene kanthu kamodzi, musandithamangitse. Popeza mukupita ndi ana ndi bwino adziwe kuti malo amenewa ali ndi eni ake. A Lakota, anthu amene azungu anawapeza kumeneko, amawatcha Paha Sapa ndipo kwa iwo ndi opatulika. Pangano la ku Fort Laramie la 1868 linati mapiriwa ndi awo. Mu 1874 George Custer, yemwe dzina lake lili pa pakiyi, analowa ndi asilikali, anthu ake anapeza golide mu French Creek, kamtsinje kamene kamadutsa mupaki momwemo. Pofika 1877 boma linali litalanda dziko lonselo. Mu 1980 khoti lalikulu la America linagamula kuti analanda mosayenera ndipo alipire ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Eni ake anakana kulandira, akuti dziko silinali pa malonda. Ndalamazo zikungoswana kubanki, zinadutsa kale biliyoni.

aChisale a ku Omaha: Iwe Yami, anthu akufunsa za msewu ndi nyama, iwe wabweretsa kalasi. Gogo akufuna kuona njati, osati milandu ya eni dziko. Ife ndife alendo kuno, mlendo ndi mame.

Yami: Malume njati zomwezo ndi nkhani yomweyo. Zinalipo mamiliyoni makumi angapo, anazipha mpaka kutsala zosakwana 1,000, mbali ina pofuna kuti eni dziko asowe chakudya agonje. Gulu la mu Custer linayamba ndi njati 36 zimene anagula mu 1914. Ukaziona wadziwa zimenezi umaziona mwina.

aGondwe: Apa ndili mbali ya mwanayu aChisale. Nyika imene ndikuitamayi, pamene ankaikuza mu 1978 anthu anasamutsidwa m'midzi yawo, manda a makolo anatsala mkati mwa paki. Kwathu ku Rumphi nkhani imeneyi sinathe, akuluakulu amaikambabe. Mlendo amaona mbidzi, mwini dera amaona pamene panali munda wa agogo ake. Sindikuti anthu asapite kukaona. Ndinapita ndipo ndidzapitanso. Koma pobwerera dzerani ku Crazy Horse Memorial, ili pafupi ndi tawuni ya Custer, akhala akusema chifaniziro cha Crazy Horse, mtsogoleri wa a Lakota, pa phiri limenelo kuyambira 1948 ndipo pali nyumba yosungiramo zinthu za eni dziko. Ana aone mbali zonse.

aChisale a ku Omaha: Chabwino, mwandichulukira. Koma tsiku lachinayi limenelo mukapemphe ndinu kwa abwana a bambo a Tadala.

Anabanda: Zakwana, tibwerere ku ulendo. Make Tadala, kamba. Musadalire zogula m'njira, agogo sangakhute tizakudya ta m'mapepala. Phikani mpunga ndi nkhuku, mandasi, tiyi mu fulasiki. Malo okhala n'kudya alimo ambiri m'mbali mwa tinyanja. Ndipo juzi ndi chitenje chokhuthala, kumapiri m'mawa kumazizira ngakhale mu Ogasiti. Mankhwala awo a BP akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'buti.

Nangozo: Ziwiri zomaliza. Pa geti mumalipira pa galimoto, chiphaso chake chimagwira masiku 7, ndiye kulowa kawiri katatu sikuwonjezera mtengo. Khadi lija la mapaki a boma lalikulu siligwira ntchito pano chifukwa iyi ndi ya South Dakota. Komanso netiweki imathawa m'malo ambiri, tengani mapu a pepala pa geti ndipo thirani mafuta musanalowe.

Make Tadala: Nanga zimene ndaona pa intaneti, anthu ali pa mahatchi akuthamangitsa njati?

Nangozo: Imeneyo ndi Buffalo Roundup, Lachisanu lomaliza la Seputembala. Amakusa gulu lonse kulowetsa m'makola, kuziyeza, kubaya katemera, kudinda ana chizindikiro, ndiye zina amazipatula kukagulitsa pa okushoni mu Novembala kuti zotsala zikwane msipu. N'zokoma kuona, nthaka imachita kunjenjemera, koma anthu amakhala oposa 10,000 ndipo umayenera kufika kusanache n'kukhala panja maola ambiri. Ndi khanda ndi gogo amene akunyamuka sabata yomweyo, ine sindingakulimbikitseni.

Make Tadala: Tamva. Tapeza kanyumba ku Custer mausiku atatu, sabata yomaliza ya Ogasiti. Abambo apatsidwa Lolemba. Ndidzakuuzani.

*(patapita milungu isanu)*

Make Tadala: Abale tabwerako! Ndiyambire pati. Choyamba ndivomere kuti sitinamvere. Tinafika Loweruka masana, abambo akuti tiyeni tingozungulirako kamodzi mwina tili ndi mwayi. Anti Nangozo, munali ngati mwalosera. Dzuwa phwee, abulu, tinyama ta m'mauna, basi. Apongozi ali chete kumpando wakutsogolo, kenako akuti, "Ndiye mwandiyendetsa tsiku lathunthu kudzandionetsa abulu? Ku Dedza atha?"

Yami: 😂😂😂 agogo andipha

Make Tadala: Chinawapweteka kwambiri n'choti abuluwo ndi onenepa, sakoka ngolo, ndipo azungu akuwadyetsa maapozi. Akuti bulu wa kuno anabadwa ndi mwayi kuposa anthu. Tinyama ta m'mauna tija anati ndi mbewa zonona, anafunsa ngati anyamata a kuno sadziwa kukumba.

aChisale a ku Omaha: Funso labwino limenelo, inenso ndimadzifunsa.

Make Tadala: Lamulungu ndinawadzutsa onse 5 koloko, abambo akung'ung'udza. Dzulo lake tinali titafunsa kwa mayi wina wa pa nyumba ya alendo, anatilembera pa mapu. Kunja kukuyera kumene, tangokhota pa kaphiri kena, abambo anaponda buleki. Msewu wonse bii. Kutsogolo, kumanzere, kumanja, kenako ndi kumbuyo komwe. Tinazima injini. Zimadutsa zikukhudza galimoto, umamva kupuma kwake, mpweya ukutuluka m'mphuno ngati utsi chifukwa cha kuzizira, ana akulira ngati nkhumba kuitana amawo. Yamphongo ina inaima pa zenera la apongozi penipeni, diso lake lokha ngati dzira, ikubangulira pansipansi mpaka chitseko kunjenjemera. Ine ndinagwira Tadala pakamwa. Tinakhala pamenepo mphindi 40.

Anabanda: Nanga agogo?

Make Tadala: Poyamba anayamba Atate Wathu. Atafika pakati anasiya, n'kuyamba kuziwerenga ngati ali pa dibi. Kenako akuti kwa mwana wawo, "Taona iyo, yatsala pang'ono kuuma mkaka, mwana wake wakula." Munthu woweta ndi woweta. Mantha onse anathera pomwepo, anayamba kutiuza iti ndi ntheng'eneng'e ya gulu, iti ndi yokalamba. Ndipo anaona okha kuti imene ikutsogolera ndi yaikazi, zamphongo zikungotsatira ndi phokoso. Anati ndi chimodzimodzi kwathu.

Bambo a Tadala: Mawu amenewo ankandinena ine, ndinamva.

aGondwe: Nanga timapiri ta udzu tija munationa?

Make Tadala: Tinationa aGondwe, ndipo ndinakukumbukani. Mitengo yambiri cha kumeneko ndi yopsa, yaima mbuu ngati mizati. Anatiuza kuti ndi moto wa mu Disembala 2017 umene unatentha maekala oposa 50,000. Koma udzu unamera bwino pansi pake, nyama zili momwemo.

aChisale a ku Omaha: Za phanga mwadumpha dala. Galasi lilipo?

Bambo a Tadala: Magalasi onse awiri alipo, penti yonse ilipo. Koma ndivomere, thukuta linatuluka. Amayi anatseka maso ndi chitenje mpaka titatulukira mbali ina. Pa Sylvan Lake anatsika, anayenda pang'ono m'mbali mwa madzi, akuti miyala yake ikufanana ndi ya ku Chongoni.

Nangozo: Rushmore?

Make Tadala: Tinapita Lolemba kudzera Iron Mountain monga munanenera, nkhope zinaonekadi mkati mwa phanga, Tadala anakuwa. Titafika apongozi anayang'ana mphindi zisanu, anafunsa kuti anthuwa ndani, tinawauza, anati chabwino. Kenako akufunsa ngati njira yobwerera ikudzeranso kwa njati. Tinalowanso madzulo amenewo, chiphaso chinali chikugwirabe. Crazy Horse tinangoiona tili pamsewu Yami, nthawi inatithera, usakwiye.

Yami: Palibe kanthu anti, phiri silithawa, ndipo pa liwiro limene akusemalo mudzalipeza lilipo.

Make Tadala: Tsopano vuto ndi ili. Kuyambira tibwere akuvutitsa mwana wawo kuti afufuze mtengo wa thole limodzi pa okushoni ya Novembala ija. Tawauza kuti silingakwere ndege. Akuti tifunse kaye mtengowo, za ndege adzaona okha. Alipo akudziwa?